Mbuzi za pazilumba: anazikweza m'bwato ndani?



Aliyense amene anawetapo mbuzi akudziwa kuti nyama imeneyi siimvana ndi madzi. Mvula ikangoti waa, ng'ombe imapitiriza kudya msipu, koma mbuzi imakhala itafika kale pakhonde, mwinanso m'khitchini momwe. Tayesani kuiwolotsa kamtsinje kolekeza m'mawondo, muona mmene ikokere chingwe cham'mbuyo. Tsono mukamva kuti pa zilumba zambiri za m'nyanja zamchere, kutali zedi ndi mtunda, pali mbuzi zam'tchire zopanda mwini, funso la mlimi aliyense limakhala lakuti zinafikako bwanji.

Nkhaniyi sitinaitole chifukwa chosowa cholemba ayi. Dzinja lathali, tili pagombe kudikira maboti, anyamata ena a kuno kwathu anatulutsa maganizo awo. Akuti mbuzi zatopetsa. Ukazimangirira pachikhomo zimaonda, ukazimasula zimalowa m'munda wa eni ake n'kukalipitsidwa kwa amfumu, usiku akuba sakugonetsa tulo. Bwanji tingozikweza m'boti tikazisiye pachilumba chopanda anthu? Kulibe munda, kulibe fisi, kulibe wakuba. Zizikaswana zokha, ife tizikatapa imodziimodzi tikapita ku usipa kapena Idi ikayandikira. Tisabise, tsiku limenelo ifenso tinavomereza kuti nzeru ndi imeneyo. Patapita milungu ingapo, mwana wathu wina amene amaphunzitsa kusekondale anakhala nafe pansi n'kutiwerengera zimene zinachitika kumaiko kumene anthu anayesapo kale nzeru yomweyi. Tasintha maganizo, ndipo tikufuna kuti mumve chifukwa chake.

Mbuzi inayamba kuwetedwa zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, kumapiri a dera la Iran ndi maiko oyandikana nawo. Kuchokera kumeneko yakhala ikuyenda ndi munthu kulikonse. Zilumba za pakatikati pa nyanja zamchere, zimene sizinalumikizanepo ndi mtunda, zinalibe nyama ya ziboda ngakhale imodzi. Choncho mbuzi iliyonse ya pachilumba chotere, makolo ake anakwera chombo. Pamenepa palibe mkangano. Mkangano umabwera mukafunsa kuti chombo cha yani, chaka chiti, ndipo anazisiyiranji. Amalinyero akale ankalemba za mphepo, za nkhondo ndi za malonda, koma mbuzi ziwiri zotsitsidwa pagombe madzulo ena, ndani akanataya inki kulemba? Ndiye pamene palibe cholembedwa, anthu amaikapo nthano.

Tiyambe ndi ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone. Pachilumba cha Colonsay pali mbuzi zam'tchire, ndipo nkhani imene alendo amauzidwa ndi yakuti makolo a mbuzizi anapulumuka m'chombo cha nkhondo cha ku Spain chimene chinasweka m'chaka cha 1588, pamene gulu lalikulu la zombo za dzikolo linalephera kugonjetsa England n'kumwazika ndi mkuntho. Nkhani yokoma kuimva. Koma pali ina yosakoma. M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, eni malo a ku Scotland anachotsa mabanja ambirimbiri osauka m'midzi yawo kuti apezere malo nkhosa za malonda. Anthu aja anali ndi mbuzi. Pochoka, ena kupita kumatauni, ena kuwoloka nyanja, mbuzi zambiri zinatsala m'mapiri popanda wozikusa. Ambiri odziwa mbiri ya kumeneko amati mbuzi zam'tchire za dzikolo zinachokera m'makola a anthu wamba amenewa. Taonani mmene mtima wa munthu ulili: n'kwapafupi kunena za chombo cha mfumu kusiyana ndi kuvomera kuti mbuzi izi ndi za amphawi amene anathamangitsidwa.

Nkhani yachiwiri ndi ya pazilumba za Juan Fernández, kumadzulo kwa dziko la Chile. Mbuzi zinafikako ndi anthu a ku Spain m'zaka za m'ma 1500. M'chaka cha 1704, mmalinyero wina wa ku Scotland dzina lake Alexander Selkirk anakangana ndi mkulu wa chombo chake, ndipo anamusiya yekha pachilumba. Anakhalapo zaka zinayi ndi miyezi inayi mpaka anapulumutsidwa mu 1709. Chinamusunga ndi mbuzi: nyama yake anadya, zikopa zake anavala. Zina akazigwira ankazicheka khutu n'kuzimasula, monga momwe timachitira kuno poika chizindikiro. Ndiye mu 1741 kunafika zombo za George Anson, ndipo anthu ake atapha mbuzi anapeza zina zili ndi makutu ocheka. Anakhulupirira kuti ndi zomwe zija anazigwira Selkirk. Apa mlimi aliyense aseka. Kuchokera 1709 kufika 1741 ndi zaka 32. Ndani wa inu anaonapo mbuzi ya zaka 32? Mbuzi ikafika zaka khumi mano amakhala akutha. Khutu locheka silibadwa nalo mwana wa mbuzi. Ndiye kuti panali dzanja lina, munthu wina amene anakhalapo pachilumbapo pambuyo pake n'kuchekanso makutu, koma dzina lake silinatchuke. Ngakhale chizindikiro cha pakhutu, popanda mboni, chimaloza munthu wolakwika.

Yachitatu ndiyo yatigwira mtima kwambiri, chifukwa apa nthano inafika poweruza moyo ndi imfa. Ku New Zealand kuli chilumba chotchedwa Arapawa. Zalembedwa kuti James Cook, mkulu wa zombo wa ku England, anasiya mbuzi m'dera limenelo mu 1773 ndiponso mu 1777. Koma patapita zaka makumi asanu, alenje a anamgumi anamanga misasa pachilumbapo, ndipo nawonso ankaweta mbuzi. Tsono za lerozi ndi za Cook kapena za alenje aja? M'zaka za m'ma 1970 boma linaona kuti mbuzi zikuwononga nkhalango ya pachilumbapo ndipo linatumiza anthu a mfuti. Mayi wina wokhala pomwepo, Betty Rowe, anakana kwamtuwagalu. Iye ndi anzake ankati izi si mbuzi wamba, ndi mtundu wakale wa ku England umene kwawoko unatha. Analimbana ndi boma zaka zambiri, ndipo mu 1987 anapatula malo ake kuti mbuzi zina zizikhala motetezedwa. Pambuyo pake akatswiri anapima magazi a mbuzizo n'kupeza kuti ndi mtundu wapawokha ndithu, wosiyana ndi mitundu ina. Lero kuli ena amene akuti magaziwo akuloza kuno ku Africa osati ku England, ndipo amakumbutsa kuti zombo za Cook zinkaima ku Cape Town kugula ziweto zisanapitirire ulendo. Ngati n'choncho, ndiye kuti mbuzi imene anthu anaimenyera nkhondo poganiza kuti ndi ya Mzungu ili pachibale ndi izi zikutidyera chinangwazi.

Yachinayi ndi ya ku Crete, chilumba cha dziko la Greece. Kumeneko kuli mbuzi ya m'mapiri ya nyanga zokhota imene amaitcha kri-kri. Kwa zaka zambiri anthu ankaitenga ngati nyama yam'tchire yeniyeni, yolengedwera pomwepo. Zitatsala zochepa kwambiri, boma linakhazikitsa paki m'chigwa cha Samaria mu 1962, ndipo zina anazisamutsira pa tizilumba topanda anthu kuti zisasakanikirane ndi zoweta. Kenako kupima magazi kunaonetsa kuti nayonso ndi mbuzi ya m'khola, imene alimi oyambirira anawoloka nayo zaka zikwi zambiri zapitazo, n'kuwathawa. Kusiyana kwake ndi ya ku Arapawa n'kwakuti iyi inathawa kalekale basi.

Tsono muone pamene pagona nkhani. Nyama ndi imodzi yomweyo. Kwina aimangira paki, kwina aitumizira mfuti. Ofuna kuiteteza amafufuza nthano yakuti ndi yakale ndiponso yolemekezeka. Ofuna kuichotsa amati ndi yobwera dzulodzuloli. Onse awiri amakokera mbiri kumene kuli mtima wawo. Ife maganizo athu ndi akuti funso lakuti inachokera kuti ndi labwino kwa ofuna kuphunzira, ndipo akatswiri apitirize kulifufuza, koma lisakhale ndilo woweruza. Mbuzi ikalowa m'munda mwanu simuyamba mwafunsa kuti agogo ake anali a kuti. Mumayang'ana chimene yadya, kenako mumafunsa mwini wake. Pachilumba napo mafunso oyenera ndi omwewo. Nthaka ndi mitengo zikupirira kapena zikutha? Nanga alipo amene akuwerenga mbuzizi n'kuzichepetsa zikachuluka?

Chifukwa chake zilumba zina zimapirira pamene zina zimatha si chovuta kuchimvetsa. Yang'anani mthethe wa kuno kumtunda mmene unadzitetezera ndi minga. Mitengo ina masamba ake ndi owawa, ina ukaidula imaphukanso msanga. Zomera za kumtunda zakhala zikudyedwa ndi agwape ndi nyama zina kuyambira kale, ndiye zili ndi podzitchinjiriza. Za ku Crete nazonso zakhala ndi mbuzi zaka zikwizikwi. Koma zomera za pachilumba cha pakati pa nyanja sizinaonepo dzino la nyama yotere. Zambiri zilibe minga, sizowawa, ndipo zimakula pang'onopang'ono. Komanso chija anyamata athu ankachitama, chakuti kulibe fisi, ndicho choopsa chenicheni. Kumene kulibe fisi, kambuku kapena mpeni wa mwini khola, palibe choletsa mbuzi kuchuluka kufikira chakudya chitatheratu.

Chilumba cha St Helena, kumadzulo kwa Africa, kuja anatsekerako Napoleon, Apwitikizi anachipeza mu 1502 chili chobiriwira ndi nkhalango. Anasiyapo mbuzi kuti zombo zawo zizipezapo nyama. Pofika 1588, mlendo wina wa ku England, Thomas Cavendish, anaona mbuzi zikwizikwi zikuyenda m'magulu aataliatali. Anthu nawo anadula mitengo, koma mitengo yodulidwa imabwereranso ngati mphukira zikusiyidwa. Mbuzi sizinasiye mphukira. Nthaka inakokoloka, ndipo mbali yaikulu ya m'mphepete mwa chilumbacho inasanduka miyala yokhayokha. Mtengo wina wa kumeneko, wosapezeka kwina kulikonse padziko, anthu anauyesa kuti unatha, mpaka mu 1980 pamene anapeza tizitsamba tiwiri tokha pathanthwe lotsetsereka, pamene ngakhale mbuzi inalephera kufika.

Koma nkhani imene tikufuna asodzi aimvetsetse ndi ya Pinta, chimodzi mwa zilumba za Galápagos za dziko la Ecuador, chifukwa amene anachita zimenezi ndi asodzi anzathu. Pinta ndi chilumba chopanda anthu, kukula kwake kuposa Likoma katatu. Nkhani imene imanenedwa ndi yakuti mu 1959 asodzi anatsitsapo mbuzi zitatu, kuti akamabwera ulendo wautali azipeza nyama yosinthira nsomba. Maganizo omwe aja a pagombe pathu. Pofika cha m'ma 1970, mbuzi zinali m'zikwi makumimakumi, ndipo pakati pa 1971 ndi 1982 alenje a boma anapha zoposa 41,000.

Ife titamva chiwerengerochi tinatenga kope ndi pensulo. Bere la mbuzi ndi miyezi isanu, msoti umatenga bere usanakwanitse chaka, mapasa si achilendo, ndipo msipu ukakhala wabwino mbuzi imaswa katatu pa zaka ziwiri. Tiyerekeze kuti khola likuwirikiza kawiri chaka chilichonse: 3, 6, 12, 24, 48, kumapita choncho. Kuchokera 1959 kufika 1970 tinapeza 6,144. N'zambiri zedi, koma sizikufika kumene anafika a ku Pinta. Ndiye pali ziwiri: kaya msipu unali wabwino kwambiri moti zinkaswana koposa pamenepo, kaya panabweranso maboti ena n'kuwonjezera zawo mwakachetechete, aliyense akuganiza kuti zake ziwirizo sizingalakwitse kanthu. Taonani, izi zachitika ena a ife titabadwa kale, koma mutu wake ukuvutabe kuugwira. Nanga za zaka 400 zapitazo? Ndipo tengani chiwerengero chochepacho, 6,144, muchiike pa kachilumba ka m'nyanja yathu ino, muone ngati pangatsale tsamba.

Pa Pinta pankakhala afulu akuluakulu a mtundu wa pomwepo, olemera kuposa munthu. Tinene chilungamo: ambiri anali atatengedwa kale ndi amalinyero a m'zaka za m'ma 1800 amene ankawadya m'zombo. Mbuzi zinangomaliza chakudya ndi mthunzi wa otsalawo. Mu 1971 anapezapo fulu mmodzi yekha wamphongo. Anamusunga zaka 40 akumufunira mkazi wa mtundu wake, osapezeka. Anafa mu 2012, ndipo mtundu wake unathera pomwepo.

Kuchotsa mbuzi pachilumba ndi ntchito yodula kuposa kuziikapo. Pa Santiago, chilumba china cha ku Galápagos komweko, anapha mbuzi zoposa 79,000 pakati pa 2001 ndi 2005, ndipo ntchitoyo inadya ndalama zoposa madola 6 miliyoni a ku America. Anagwiritsa ntchito agalu, alenje oyenda pansi ndi ena owombera ali mu helikopita. Zitatsala zochepa zochenjera, ankagwira mbuzi ina, kuitseka kuti isabereke, kuiveka kawailesi m'khosi n'kuimasula. Paja mbuzi siikhala yokha, imafunafuna zinzake. Ikazipeza, alenje amatsatira kawailesi kaja n'kupha zonse, kusiya yokhayo kuti ikafunenso zina. Nyama yambiri inaolera kutchire komweko. Ife amene timasonkherana mabanja angapo kuti tipeze mbuzi imodzi ya Idi, amene tinaphunzitsidwa kuti chiweto chizingidwe mwaulemu ndipo nyama yake isatayidwe, nkhani imeneyi imatiwawa mumtima. Koma mlandu wake tiupereke kwa yani? Mbuzi sinalakwe, inangochita zimene mbuzi imachita. Mlenje anabwera zinthu zitaonongeka kale. Mlandu ukubwerera kwa uja anatsitsa zitatu zoyamba n'kupalasa bwato lake kumapita.

Tikudziwa kuti ena atiyankha, ndipo mayankho awo si opanda nzeru. Ati anthu aja anali ndi niya yabwino. N'zoona. Popanda mbuzi Selkirk akanavutika koopsa, mwinanso kufa kumene. Boma la New Zealand lenilenilo, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, linkasiya mbuzi dala pa zilumba zozizira za kumwera kuti anthu a zombo zosweka asafe ndi njala. Msodzi amene anatsekeredwapo ndi mwera pachilumba masiku atatu, ufa utatha, sangaseke maganizo amenewa. Koma niya yabwino siimakusa mbuzi madzulo. Munthu akakumba chitsime panjira kuti apaulendo azimwa, n'kuchisiya chosavindikira, mwana akagweramo sitinena kuti poti niya inali yabwino palibe mlandu. Patapita zaka, boma lomwe lija linatumiza anthu kukapha mbuzi za pazilumba zimenezo.

Ena ati mbuzi zimene zakhala zaka mazanamazana popanda mankhwala, popanda dibi, zikumwa madzi ochepa, ndi chuma choyenera kuchisunga. Apa tikugwirizana nawo kwathunthu, ndipo Betty Rowe sanalakwe kuzimvera chisoni. Mbuzi yopirira chotere ingathandize alimi a maiko ouma. Koma kusunga mtundu sikufuna kuti nkhalango ithe. Gwirani zina, muziike m'khola, zikhale ndi mwini ndi kaundula, monga achitira tsopano alimi ena a ku New Zealand, America ndi Britain amene akuweta mbuzi za ku Arapawa. Zotsala pachilumba zikhale zowerengeka, zimene nthaka ingathe kuzisenza.

Tsopano tibwerere kunyanja yathu. Zilumba monga Domwe, Thumbi, Mumbo, Boadzulu ndi Maleri zili m'paki ya Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 inalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse. Lamulo sililola kulowetsa ziweto m'paki, choncho wochita zimenezi akudziputira mlandu. Koma ife sitikufuna kuti muleke chifukwa choopa askauti okha. Ganizani za nsomba. Zilumba zathu zambiri ndi miyala yokhala ndi kadothi kochepa pamwamba, kogwiridwa ndi mizu. Mbuzi ikadya mphukira n'kusenda makungwa, mvula ya dzinja limodzi kapena awiri imatsitsira dothi lonselo m'madzi. Matope akakuta miyala ya pansi, ndere zimene mbuna zimadya zimafa, ndipo mapanga amene tinsomba timabisalamo amatsekeka. Inu a chilimira mukudziwa kuti utaka umakonda pa zirundu ndi m'mbali mwa zilumba momwemo. Nanga mitengo imene nkhwazi ndi mbalame za m'madzi zimamangapo zisa, monga zija zayeretsa miyala ya pa Boadzulu? Nanga mthunzi ndi tinkhuni timene timapulumutsa msodzi wothawa mwera? Tidzakhala tagulitsa zonsezi ndi ndiwo za masiku ochepa.

Palinso china chimene anyamata athu sanachiganizire. Chaka choyamba aliyense adzadziwa mbuzi yake. Chaka chachitatu, ana obadwira kutchire opanda chizindikiro adzakhala a yani? Wina adzati tonde anali wanga, wina adzati yaikazi inali yanga, wina wa gombe lina adzangofika usiku n'kutenga poti ndi zam'tchire. Pofuna nyama eni ake adzachuluka, koma tsiku limene boma lidzafunse kuti waononga chilumba ndani, sipadzaoneka ndi mmodzi yemwe. Tidzakhala tadzipangira tokha mkangano uja wa ku Arapawa, ndipo adzukulu athu azidzauza alendo kuti mbuzi izi anazisiya ndi Aarabu a m'nthawi ya Jumbe. Namasupuni amene watsamwitsa mtsinje wa Shire naye kwawo ndi ku South America, anabwera kuno ku Africa ndi anthu okonda maluwa ake, koma lero palibe amene angaimirire n'kunena kuti ndine ndinamuponya m'madzi.

Sikuti kusamala chilumba ndi nzeru yochokera kunja. Pitani ku Mbenji, m'boma la Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka chilumbacho nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, ndipo pali malamulo a zimene msodzi saloledwa kupita nazo kapena kuchita kumeneko. Anthu amamvera, ndipo utaka wa ku Mbenji mbiri yake mukuidziwa. Makolo athu anazindikira kuti chilumba chopanda nyumba sichitanthauza chilumba chopanda mwini.

Nanga vuto la mbuzi m'dzinja tilitani? Pakuti ndi vuto lenileni, ndipo kungoletsa osapereka njira ina n'kusalungama. Choyamba, khola lam'mwamba. Limafuna mitengo ndi thukuta, koma mbuzi sizidwaladwala ziboda, wakuba amavutika, ndipo manyowa ogwera pansi amapita kudimba. Chachiwiri, tizidulira chakudya. Masamba a lukina ndi gilisidiya, zotsalira za mtedza ndi nandolo tikakolola, gaga pang'ono, zonsezi tikazisunga pouma zimatifikitsa kutali. Chachitatu, mabanja oyandikana agwirizane zoweta mosinthana, lero nyumba iyi mawa iyo, malo odyetsera atagwirizana ndi amfumu, ndipo ana asajombe kusukulu kapena kumadrasa chifukwa cha mbuzi. Chachinayi, tisamasunge mbuzi zoposa chakudya chimene tili nacho. Atonde owonjezera agulitseni mvula isanagwe, ndalamayo igule mbewu kapena kukonzera ukonde.

Chachisanu tachiphunzira m'nkhani zonse zija: lembani. Kope la ana asukulu ndi lokwanira. Mbuzi iyi tinagula kwa uje, mudzi wakuti, mwezi wakuti, chizindikiro chake chakuti, mboni uje. Tonde wa mtundu wa Boer akabwera m'mudzi, lembani kuti wakwera ziti, kuti mawa tidzadziwe ngati ana ake akupirira matenda ndi chilala monga zathu zamakolo, ndiponso kuti tisataye mtundu wathu mosadziwa. Milandu yambiri ya ziweto imene imafika pabwalo la amfumu, ndi ina imene imatipeza ife pakhonde la mzikiti, ikanatha ndi mizere iwiri ya m'kope. Akatswiri a maiko olemera akuononga ndalama zambiri kupima magazi a mbuzi pofuna yankho limene mmalinyero mmodzi akanalilemba ndi mawu khumi.

Anyamata aja tinakumana nawonso Lachisanu lina titatuluka mu Juma. Tinawauza kuti tsiku lija tinavomera mofulumira, ndipo ife akuluakulu ndi amene tinayenera kuyamba taganiza. Ena anamva, ena akuti tikukulitsa nkhani, mbuzi zisanu zokha zingathe chilumba? A ku Pinta anayamba ndi zitatu. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tikupempha a komiti za m'magombe ndi mafumu athu kuti nkhaniyi aikambe mvula isanayambe, ndipo agwirizane poyera kuti boti lonyamula chiweto chamoyo kupita pachilumba chopanda anthu lisachoke pagombe.

Amene anatsitsa mbuzi zoyamba pa Colonsay kapena pa Arapawa, Allah ndiye akumudziwa bwino. Za pazilumba zathu zino, wofunsidwa adzakhala ife.